Achimwene a ku Ulongué akufunsa komwe angapeze gulu la anthu osiya mowa

Ndalandira imelo kuchokera kwa achimwene ena a ku Ulongué, dzina sinditchula. Akuti amalima kachewere, chaka chino atagulitsa matumba ndalama zonse zinathera pa baraka, mpaka akazi awo ananyamula ana kubwerera kwawo ku Dómuè. Ayesapo kusiya paokha koma likangofika tsiku la msika basi abwereranso. Funso lawo ndi ili: "Ndinamva kuti kuli magulu a anthu amene anasiya mowa amakumana nkumathandizana. Kuno ku Tete ndingawapeze bwanji, nanga ndikapita anthu sakandiseka?"

Achimwene, musanayambe kufunafuna gulu, yambirani kuchipatala. Ndikutero chifukwa mwalemba kuti m'mawa manja amanjenjemera mpaka mutaponyako kaye kakapu ka kachasu. Chimenecho ndi chizindikiro choti thupi linazolowera, ndipo munthu wotere akasiya mwadzidzidzi angathe kugwa khunyu, kutuluka thukuta, kuona zinthu zoti palibe, makamaka pa tsiku lachiwiri ndi lachitatu, ena mpaka amamwalira kumene. Akumudzi akaona zimenezo amathamangira kunena kuti walodzedwa, pomwe ndi mowa ukutuluka m'thupi ndipo mankhwala ake alipo. Ndiye pitani ku chipatala cha boma pa Ulongué pompo, mufunse a "saúde mental" (a zaumoyo wa m'maganizo), kumakhala ma técnico a psiquiatria, ndiye kuti azachipatala a matenda a maganizo, amene ntchito yawo ndi yomweyi, zikavuta amatumiza ku Hospital Provincial mu mzinda wa Tete. Auzeni zoona za mmene mumamwera, osachepetsako ayi.

Ndipo anthu omwewo ndi amene muwafunse za gulu. Magulu amenewa saika chikwangwani pamsewu, amakumana mwakachetechete m'kalasi ya sukulu kapena m'kachipinda ka kutchalitchi, ndiye umawapeza pofunsa. Funsani a padre kapena a katekisiti ku parishi, abusa, a shehe, ngakhale simupemphera nawo. Mukapita ku tauni ya Tete kulinso ofesi ya boma ya Gabinete Provincial de Prevenção e Combate à Droga, yolimbana ndi mankhwala osokoneza bongo, nkhani za mowa amazidziwa. Pa foni lembani kuti Alcoólicos Anónimos Moçambique pa Google kapena Facebook, misonkhano ina masiku ano imachitika pa Zoom ndi WhatsApp m'Chipwitikizi, bola netiweki ndi mamega.

Gulu lodziwika kwambiri ndi lomwelo la Alcoólicos Anónimos, mwachidule AA. Linayamba mu 1935 ku Akron, Ohio, m'dziko la America, pamene zidakwa ziwiri, Bill W. ndi Dr. Bob, zinaona kuti kucheza kwa awiriwo kumathandiza kuti asamwe. Palibe malipiro, palibe kulembetsa, chofunika ndi kufuna kusiya basi. Mukalowa mupeza mipando atayizunguliza, wina amawerenga masitepe 12 amene a AA amatsata posiya mowa, kenako aliyense amatchula dzina loyamba lokha nkunena zake, mmene anagulitsira njinga, mmene anagonera m'ngalande, mmene wakhalira sabata ino osamwa. Palibe wodula mnzake pakamwa, palibe wolalikira mnzake. Inu tsiku loyamba mutha kungokhala phee kumvetsera, palibe akukakamizeni. Kathumba kamadutsa ka chopereka, muli ndi 10 metikali ponyani, mulibe kapititseni.

Za kusekedwazo ndikumvetsa, Ulongué ndi pang'ono, aliyense amadziwa njinga yamoto ya mnzake. Koma lamulo la gulu ndi loti zolankhulidwa mmenemo ndi amene mwamuona mmenemo zimatsala momwemo, ndipo amene mukamupeze kumeneko wabwera ndi vuto ngati lanu lomwelo, akusekani bwanji? Komanso achimwene tinene chilungamo, anthu a m'bairro mwanu anakuonani kale akukunyamulani pa baraka, akakuonani mukulowa pakhomo la parishi Lachitatu madzulo palibe chatsopano choti anene.

Tsono mwina mufunsa konse nkupeza kuti gulu lapafupi lili kutali, ndalama ya chapa yopita ku Tete kapena Moatize sabata iliyonse sizingatheke. Musagwe mphwayi. Mwambo wa AA womwewo umati anthu awiri kapena atatu akakumana ndi cholinga chosiya mowa, limenelo ndi gulu kale. Pemphani a técnico aja akulumikizeni ndi wodwala wina amene akulimbana nazo, pemphani chipinda kutchalitchi, sankhani tsiku ndi ola losasintha, ine ndinganene madzulo a tsiku la msika chifukwa ndi nthawi imene m'thumba muli ndalama ndipo anzanu akukuitanani. Patsanani manambala, chilakolako chikagwira muimbe musanamwe, osati mutamwa kale. Mukaterereka nkumwanso, msonkhano wotsatira pitani ndithu mukanene.

Za alamu ku Dómuè, musathamangire kukalonjeza, malonjezo anawamva ambiri. Kuli gulu la Al-Anon la achibale a anthu akumwa, linayamba mu 1951, akafuna angafufuze okha, koma musawakakamize. Panopa ndalama za kachewere wotsala musayende nazo m'thumba, muzisungitse kwa amalume kapena mbale amene mumamukhulupirira, ndipo kuchipatala kuja mupite naye limodzi sabata yomwe ino.