Mwafunsa, Tayankha: Munthu akamakulondalondani pa foni ndi pa intaneti

Makalata ambiri a mwezi uno akudandaula za anthu amene asandutsa foni kukhala chida chozunzira anzawo. Tasankhapo 6, ndipo mayina a olemba tawabisa.

Ndinathetsa chibwenzi miyezi 5 yapitayo koma mwamunayo sakundisiya. Ndikabloka nambala yake amagula simu ina. Sabata yatha ananditumizira chithunzi cha geti la kuntchito kwanga popanda mawu alionse. Sananenepo kuti andipweteka, ndipo anzanga akuti ndingomusiya atopa yekha. Kodi pali mlandu apa?

Mayi, chithunzi cha geticho musachione mopepuka. Mawu palibe, koma akukuuzani kuti akudziwa kumene mumapezeka komanso nthawi imene mumaweruka. Kulondalonda munthu kumavuta kufotokoza chifukwa chinthu chilichonse pachokha chimaoneka chaching'ono: moni wa pakati pa usiku, foni yongolira kawiri n'kudula, ndemanga pa chithunzi chanu chakalekale. Mukaonetsa wapolisi uthenga umodzi akhoza kukufunsani kuti, "Ndiye chalakwika n'chiyani?" Koma mukamuyalira mauthenga 60 ochokera pa manambala 4, nkhope yake isintha.

N'chifukwa chake malamulo amayang'ana kubwerezabwereza. Ku England ndi Wales, lamulo la mu 1997 limati zikachitika kawiri kapena kuposa apo, khoti likhoza kuziona ngati khalidwe lozunza. Ku Malawi, lamulo la Electronic Transactions and Cyber Security Act la mu 2016 limatchula kulondalonda ndi kuzunza munthu kudzera pa intaneti ngati milandu. Malamulo ena amafunanso umboni woti munaopsezedwa, choncho musabise mantha anu pofotokoza. Nenani kuti munasintha njira yopitira kuntchito, kuti simukugona, kuti munasiya kuyenda nokha madzulo.

Ngati simunamuuzepo momveka bwino, mulembereni kamodzi kokha: "Sindikufuna kuti undiimbire kapena kundilembera mwanjira iliyonse." Basi. Musafotokoze zifukwa, musatukwane, musayankhenso. Mukapirira mafoni 30 n'kuyankha ya 31, mwamuphunzitsa kuti akalimbikira mpaka 31 mumayankha.

Pa umboni m'pamene ambiri amalakwitsa, chifukwa mtima ukapsa dzanja limathamangira kufufuta. Jambulani sikirini mooneka tsiku, nthawi ndi nambala. Ngati munamusunga m'foni ndi dzina loti "Satana", chithunzicho chidzaonetsa Satanayo osati nambala, ndiye tsegulani pamene pamaoneka nambala yonse mujambulenso. Pa WhatsApp pali Export chat, imene imatulutsa macheza onse kuti muwatumize ku imelo imene iye sakuidziwa. Zimitsani zoti mauthenga azifufutika okha. Chithunzi chotsegula kamodzi sichilola kujambula sikirini, choncho chijambuleni ndi foni ina pamene mukuchitsegula. Khalaninso ndi kope: tsiku, nthawi, chimene chachitika, amene anaona. Kupolisi pitani ndi mapepala osindikiza, mutenge nambala ya mlandu ndi dzina la wapolisi amene waulandira, ndipo mufunse za chiletso cha khoti chomuletsa kukuyandikirani.

Zoti atopa yekhazo, ena amatopadi, ena amawonjeza moto, makamaka akaona kuti njira zonse zatsekedwa. Lamulo loyamba loletsa kulondalonda ku America linakhazikitsidwa ku California mu 1990, wochita zisudzo Rebecca Schaeffer ataphedwa pakhomo pake mu 1989 ndi munthu amene anakhala akumulondalonda kwa nthawi yaitali. Wanuyu wafika kale pa geti. Uzani abwana anu ndi alonda, muwaonetse chithunzi chake.

Ine ndi amuna anga tinasiyana, koma amadziwa kulikonse kumene ndapita, ngakhale zimene ndalemberana ndi mng'ono wanga. Foniyi anandigulira ndi iwowo. Kodi anaikamo chinachake?

N'kutheka, koma musayambe ndi kuganiza za mapulogalamu odabwitsa. Kawirikawiri pamakhala khomo wamba limene linasiyidwa lotsegula.

Loyamba ndi WhatsApp yeniyeniyo. Tsegulani pa Linked devices. Akaunti imodzi ikhoza kulumikizidwa ku zipangizo zina 4, ndipo munthu amangofunika kugwira foni yanu yosakiya kwa mphindi imodzi kuti aziwerenga zonse pa kompyuta yake. Lachiwiri, ndipo ndi limene tikulikayikira kwambiri poti foni anagula ndi iwo, ndi akaunti ya Google kapena Apple. Amene anakutsegulirani imelo amadziwa pasiwedi. Ndi pasiwedi imeneyo akhoza kuona pamene foni ili pa mapu, zithunzi zimene zikusungidwa, ngakhale zimene mwasaka pa intaneti. Onaninso pa Google Maps ngati Location sharing ili yoyatsa, ndipo ngati ana ali ndi foni kapena tabuleti yochokera kwa bambo awo, nayonso muiganizire.

Kenaka mubwere ku mapulogalamu aukazitape. Pa Android amakonda kubisala ndi mayina ooneka ngati a foniyo, monga System Service. Yang'anani mu Settings, pa Accessibility ndi pa Device admin apps, muone ngati pali pulogalamu imene simukuidziwa koma inapatsidwa mphamvu. Mukapeza Play Protect, chitetezo cha Google chounika mapulogalamu oipa, ili yozimitsa pamene inu simunaizimitse, dabwani. Batire yosachedwa kutha ndi bando yothera m'njira zosadziwika ndi zizindikiro chabe, pakuti foni yokalamba imachitanso zomwezo. Palinso timakina tolondolera katundu ngati AirTag, tokula ngati ndalama yachitsulo, timene munthu akhoza kuponya m'chikwama kapena pansi pa mpando wa galimoto. Mafoni ambiri a masiku ano amachenjeza ngati kachipangizo kachilendo kakuyenda nanu, ndiye chenjezo lotero musalidumphe.

Chofunika kwambiri ndi ndondomeko. Mukapeza chinthu, musathamangire kuchichotsa. Umboni utayika, ndipo iwo adziwa nthawi yomweyo kuti mwatulukira, zimene zingakhale zoopsa ngati ndi munthu wokonda kumenya. Jambulani zimene mwapeza ndi foni ina, konzani kumene mungagone ngati zinthu zitavuta, kenaka musinthe mapasiwedi pogwiritsa ntchito chipangizo chimene iwo sanagwirepo. Yambani ndi imelo, chifukwa ndi kiyi wa maakaunti ena onse, ndipo muone nambala ndi imelo zobwezeretsera pasiwedi. Ambiri amasintha pasiwedi n'kuiwala kuti nambala yobwezeretsera ndi ya mwamuna yemweyo, mawa lake iye walowanso. Pa WhatsApp ikani nambala yachinsinsi ya manambala 6 pa Two-step verification. Ngati mwasankha kufufuta foni yonse kuti iyambirenso, mapulogalamu muikemo pamanja, imodziimodzi.

Ndine mnyamata wa zaka 22. Ndinadziwana ndi mtsikana pa Facebook, tinaimbirana pa vidiyo ndipo ndinavula. Tsopano akuti ndimutumizire ndalama pasanathe maola 24, apo ayi atumiza vidiyoyo kwa abale anga. Ndikuchita manyazi kwambiri.

Achimwene, musalipire. Nthawi zambiri mtsikanayo kulibe n'komwe. Amakhala magulu a akuba amene amaonetsa vidiyo yojambulidwa kale uku akujambula inuyo, ndipo amachita zimenezi kwa anthu ambiri tsiku limodzi. Mukatumiza ndalama mwawauza kuti ndinu wolipira, ndipo abweranso ndi mtengo wokwera. Maola 24 aja ndi ongofuna kuti musapeze mpata woganiza kapena wouza munthu.

Sungani linki ya akaunti yawo, mauthenga oopsezawo ndi nambala imene akuti mutumizireko ndalama, chifukwa nambala ya ndalamayo ndi imene ingathandize apolisi kuposa dzina labodza. Mukatero siyani kuyankha, anenezeni ku Facebook, muwabloke, ndipo mubise mndandanda wa anzanu. Akaunti yanu mukhoza kuiimitsa kwa kanthawi koma musaifufute.

Ngati chithunzi kapena vidiyoyo muli nayo, pali tsamba la pa intaneti la StopNCII.org, limene linayamba mu 2021 kuthandiza anthu a zaka 18 kupita m'tsogolo. Chithunzi sichichoka m'foni mwanu. Chimene chimatumizidwa ndi chidindo cha manambala chopangidwa kuchokera pa chithunzicho, ndipo makampani monga Facebook, Instagram ndi TikTok amachigwiritsa ntchito pozindikira chithunzicho wina akafuna kuchiika. Malire ake ndi oti sichingaletse zotumizirana pa WhatsApp, poti mauthenga a kumeneko kampani siyiwaona. Kwa ana osakwana zaka 18 kuli njira ina yotchedwa Take It Down. Makolo, chithunzi cha mwana musachikopere kapena kutumizira aliyense ngakhale mukufuna kusunga umboni, pakuti kutero ndi mlandu m'mayiko ambiri. Pitani ndi foniyo kupolisi momwe ilili.

Uzani munthu mmodzi amene mumamukhulupirira lero lomwe, dzuwa lisanalowe. Wolakwa ndi amene akukuopsezaniyo.

Pali akaunti yabodza imene ikulemba zonyoza mkazi wanga, ndipo yaika nambala yake poyera. Kodi mwini wake angapezeke? Wina wandiuza kuti akhoza kuihaka ndikamulipira.

Ndalama zanuzo sungani, bambo. Ambiri olonjeza zimenezi ndi atsizinamtole, ndipo kulowa mu akaunti ya munthu popanda chilolezo ndi mlandu pawokha.

Njira yeniyeni ili ndi mbali ziwiri. Kampani ya tsambalo imasunga nambala kapena imelo imene anatsegulira akaunti, ndi adiresi ya IP (nambala imene chipangizo chimadziwika nayo pa intaneti) ya nthawi iliyonse imene analowa. Kampani ya foni ndi imene ingadziwe kasitomala amene ankagwiritsa ntchito adiresi imeneyo. Onsewa satulutsa zinthuzi popanda chikalata cha khoti, ndipo sasunga mpaka kalekale. Apolisi akapempha, Meta, kampani ya Facebook ndi Instagram, imasunga zokhudza akaunti kwa masiku 90 podikira zikalata, ndiye akumbutseni kuti apemphe msanga. Zimene zimasokoneza ndi izi: pa netiweki ya foni adiresi imodzi imagawidwa kwa anthu ambiri nthawi imodzi, simu ikhoza kukhala yolembetsedwa m'dzina la wina, ndipo wochenjera amabisala ndi VPN, pulogalamu yobisa adiresi yeniyeni. Ku South Africa anafewetsako zinthu. Lamulo lawo la mu 2011 limalola munthu kupempha chiletso ngakhale sakumudziwa womuzunza, ndipo khoti limalamula kampani kuti ipereke dzina ndi adiresi yake.

Musananeneze akauntiyo kuti ichotsedwe, koperani linki yake ndi ya chilichonse chimene yalemba, chifukwa dzina amasintha. Onaninso zimene ikudziwa. Ngati yatchula nkhani imene anthu atatu okha amaidziwa, mayina atatuwo apatseni apolisi, osati kuwalemba pa Facebook. Mukaloza munthu poyera n'kupezeka kuti si iye, mlandu woipitsa mbiri ugwera inu.

Ndine adimini wa gulu la WhatsApp. Wina waika zithunzi ndi mauthenga achinsinsi a mayi wina wa m'gulumo, ndipo anthu akuseka. Nditani?

Adimini ali ndi mphamvu yofufuta uthenga wa aliyense kuti uchoke kwa onse, koma nthawi yake ndi pafupifupi masiku awiri okha. Jambulani kaye poonetsa amene anatumiza ndi nthawi yake, fufutani, mutulutseni m'gulu, ndipo mutseke kuti maadimini okha ndi amene azilemba mpaka mitima itazizira. Mayiyo muwaimbire panokha, muwafunse chimene akufuna. Funso loti "munajambuliranji?" musalifunse. Ndipo uzani gulu lonse kuti wotumiza kwina, ngakhale atalemba pamwamba pake kuti "taonani zoipazi", nayenso akufalitsa.

Ine malamulo amenewa ndimawakayikira. Kodi si omwewa amene amamangitsa anthu odzudzula atsogoleri?

Nkhawa yanu ili ndi maziko, bambo. Lamulo likangoti n'kulakwa "kukhumudwitsa" kapena "kusowetsa mtendere" munthu pa intaneti, oyamba kuthamangira nalo kupolisi amakhala anthu amphamvu, pamene mayi wolandira mauthenga 60 uja akuuzidwa kuti angozimitsa foni. Khoti lalikulu la ku India linathetsa gawo 66A la lamulo lawo la za intaneti mu 2015 chifukwa mawu ake anali otambalala kwambiri, ndipo khoti loona za malamulo oyendetsera dziko ku Uganda linathetsa gawo 25 la Computer Misuse Act mu 2023 pa chifukwa chofanana.

Ife tikuona kuti mankhwala ake ndi kulemba lamulo molunjika, osati kukhala opanda lamulo. Litchule khalidwe lenilenilo: kubwerezabwereza, kulunjika munthu mmodzi amene wakana, kumuchititsa mantha kapena kumusokonezera moyo, kufalitsa zithunzi zake zamaliseche popanda chilolezo. Kunyoza nduna sikukwana m'muyeso umenewo.

Chinanso ndi liwiro, chifukwa chigamulo chobwera patatha zaka ziwiri sichichotsa chithunzi chimene chinafalikira usiku umodzi. Ku Australia kuli ofesi ya eSafety Commissioner imene, malinga ndi lamulo la mu 2021, imatha kulamula kuti zinthu zozunza munthu zichotsedwe pasanathe maola 24. Ku America lamulo la mu 2025 limapatsa makampani maola 48 kuti achotse zithunzi zamaliseche zoikidwa popanda chilolezo, kuphatikizapo zopangidwa ndi kompyuta. Pamafunikanso apolisi odziwa kusunga umboni wa pa foni popanda kulanda foni ya wodandaula kwa miyezi, ndi makhoti obisa dzina lake kuti mlandu usakhale kumuyalutsa kachiwiri. Ku England ndi Wales, kuyambira mu 2020, apolisi ndi amene amakapempha chiletso m'malo mwa wolondedwayo, ngakhale mlandu usanazengedwe, ndipo chiletsocho chikaperekedwa chimakhala zaka zosachepera ziwiri.