Apongozi anu sakunama, koma sakunena zonse

Imelo ya mayi wina wokhala mumzinda wa Albuquerque yandisowetsa tulo. Anakwatiwa komweko ku New Mexico, chigawo cha dziko la America, ndipo apongozi ake amapsa mtima munthu akawatchula kuti ndi a ku Mexico, amati iwo ndi Aspanishi enieni. Tsono mwana wayamba kufunsa mtundu wake. Amuuze chiyani?

Mayi, mwandikumbutsa agogo anga a ku Ntcheu. Ankadziguguda pachifuwa kuti ife ndife Angoni, pomwe Chingoni chomwe ankadziwa chinali cha m'nyimbo za ngoma basi. Tsiku lina akusenda chinangwa pakhonde ndinawafunsa za amayi awo. Anaika mpeni pansi, kundiyang'ana, n'kundituma kumadzi chikhalirecho mtsuko unali wodzaza. Ndinadzamva kwa azakhali, ndili kale ndi ndevu, kuti amayi awowo anali Mchewa wogwidwa pankhondo. Mpaka lero zimandiwawa, chifukwa ngakhale dzina lawo palibe analisunga.

Za apongozi anuzo n'zomwezo. Juan de Oñate, mtsogoleri wa atsamunda achisipanishi, anafika ku New Mexico mu 1598 kuchokera kummwera, ndipo mwiniwakeyo anabadwira ku Mexico konko. Mkazi wake anali mdzukulu wa Cortés, Mspanishi amene anagonjetsa Mexico, komanso mdzukulutubvi wa Moctezuma, mfumu ya Aaziteki, eni nthaka a ku Mexico. Magazi osasakanikirana ali pati apa? Mu 1599 Oñate analamula kuti amuna a ku Acoma, mudzi wa eni nthaka, adulidwe phazi, n'chifukwa chake anthu ena anadzadula phazi la chiboliboli chake kumudzi wa Alcalde. Mu 1680 a Pueblo, eni nthaka a deralo, motsogozedwa ndi Popé, anapirikitsa atsamunda, amene anakhala kunja zaka 12. Nanga a genízaro? Awa anali eni nthaka ogwidwa ukapolo, obatizidwa, opatsidwa mayina achisipanishi, ndipo mudzi wa Abiquiú unaperekedwa kwa iwo mu 1754. Ambiri odzitcha Aspanishi ali ndi gogo wotere amene satchulidwa.

Komatu musawaseke apongozi. Pangano la Guadalupe Hidalgo litapereka dera lawo kwa America mu 1848, dzina loti "wa ku Mexico" linasanduka chitonzo, ndipo kudzitcha Mspanishi kunali kudziteteza, makamaka pamene derali linkamenyera kukhala chigawo chokwanira cha America, zomwe zinatheka mu 1912. Ndimawamvetsa. Chimene sindingalole n'kupatsira mwana manyazi amenewo, iyayi.

Chochita tsono

Musayambire pa mawu akuti Hispanic, aja a pafomu ya kalembera. Funsani apongozi, mwaulemu, dzina la mudzi ndi parishi ya makolo awo, popeza mabuku a ubatizo a Akatolika amatchula makolo a wobatizidwa. Ngati kumudziko akadali ndi acequia, ngalande yothirira ya mudzi wonse, mupite naye mwanayo tsiku loifukula, agwireko fosholo pambali pa agogo ake.