Bayoloje ya Fomu 3 iyambireni pa mphika wa thobwa

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa mtsikana wina wa ku Chinamwali amene wangolowa Fomu 3. Akuti: "Aphunzitsi, Bayoloje yandikulira. Ku Fomu 2 ndinkangoloweza n'kukhoza. Pano manotsi ndi mulu, ndikaloweza za maselo ndikuiwala za ma enzyme. Ndigwire pati kuti MSCE isadzandigwetse?"

Mwana wanga, manotsi achuluka ndithu, koma mfundo zake n'zochepa, zimangosintha malaya mutu uliwonse. Ukazigwira, ngakhale a MANEB, omwe likulu lawo lili konkuno ku Zomba, atalitembenuza funso, udzalizindikira.

Tiyambire kukhitchini. Amayi akaphula phala la thobwa sathira chimera nthawi yomweyo, amadikira lizizireko. Akathira, phala lolimba lija limasungunuka n'kuyamba kutsekemera popanda shuga wa kugolosale. Muchimera muli enzyme yotchedwa amylase, imene imadula sitachi kukhala shuga. Yomweyo ili m'malovu mwako, n'chifukwa chake chinangwa ukachitafuna nthawi yaitali chimayamba kuzuna. Nanga amadikiriranji? Enzyme ndi puloteni, ndipo imagwira ntchito chifukwa cha mmene inapindikira, monga kiyi pa loko wake. Kutentha kukapyola, kupindika kuja kumawonongeka, kiyi salowanso. Osalemba kuti enzyme yafa. Sinakhalepo yamoyo, ndipo malikisi ambiri ndawaona akutayika pa liwu limeneli.

Mfundo yoyamba ndi imeneyo: kapangidwe ka chinthu kamayenderana ndi ntchito yake. Timatumba ta m'mapapo, tinyanga ta m'matumbo, tiubweya ta kumizu, tonseti n'topyapyala ndiponso tochuluka kuti zinthu zidutse msanga. Mitu itatu, yankho limodzi.

Za osmosis, kuyenda kwa madzi kudutsa khungu la selo kupita kumene kuli mchere kapena shuga wambiri, sindichedwapo. Thira mchere pa tomato wodula uone madzi akutuluka. Feteleza akagunda phata la chimanga, madzi amachoka m'maselo chimodzimodzi, ndiye timati chapsa.

Pamene ana ambiri amagwa ulesi ndi pa za kumtundu, chonsecho m'pokoma. Selo la munthu lili ndi ma chromosome 46 (timaulusi tonyamula majini, omwe ndi malangizo a za kumtundu), okwana 23 ochokera kwa mayi, 23 kwa bambo. Gregor Mendel, wansembe wa ku Brno, anakwatitsa nsawawa m'dimba n'kufalitsa zimene anapeza mu 1866: khalidwe lina limabisala m'badwo umodzi n'kudzatulukira wotsatira, pa mbewu imodzi mwa zinayi. Ndi mmene makolo awiri akuda amaberekera mwana wachialubino. Aliyense ananyamula jini yobisika, ndipo mwanayo walandira zonse ziwiri. Palibe ufiti, palibe chigololo, ndipo ndimalakalaka phunziroli likanamaphunzitsidwanso pabwalo la amfumu. Koma samala apa. Sizikutanthauza kuti pa ana anayi mmodzi adzakhala wachialubino. Mimba iliyonse imayamba maere ake, kotero banja lina lingakhale nawo atatu, lina osakhala naye n'komwe.

Ndipo zamoyo zimasintha. Agogo ako amaukumbukira chloroquine, wowawa ndi woyabwitsa uja. Malawi anausiya mu 1993 chifukwa sunkachizanso malungo, n'kuyamba Fansidar, yemwenso analowedwa m'malo ndi LA mu 2007. Ambiri amalemba kuti tizilombo tinazolowera mankhwala. Ayi. Pakati pa tizilombo tambirimbiri panali tina tobadwa tosiyana pang'ono, timene mankhwala sankatipha. Tinzake titatha, totsalato tinaswana n'kudzaza dziko. Chodabwitsa n'chakuti chloroquine atachotsedwa, patapita zaka tizilombo tomva mankhwalawo tinachulukanso, popeza chotisesa chija panalibenso. Wasayansi Charles Darwin analemba za kusankha kwa chilengedwe kumeneku mu 1859, ife tinakuonera pa mzere wa kuchipatala.

Mawu achingerezi uwalowezabe, poti mayeso salembedwa m'Chichewa, komanso kujambula ndi kulemba maina pa chithunzi kumafuna dzanja lozolowera. Koma uziyamba wamvetsa, kuloweza kubwere pambuyo.

Loweruka likubwerali amayi akamaphika thobwa, uwapemphe phala pang'ono m'makapu awiri. Ina uthire chimera phala likadali lobwata, inayo udikire mpaka chala chizipirira. Pakatha ola ulawe zonse, undilembere kuti yatsekemera ndi iti.