Mtima ukamadumpha musalole akuuzeni kuti ndi maganizo

Achemwali amene mwafunsa m'gulu muno, inu muli pa mankhwala a BP ndipo mtima ukudumphadumpha usiku, ndiye wina azikuuzani kuti ndi maganizo? Ayi ndithu. Ine mawu amenewo anatsala pang'ono kundiika m'manda.

Unali mwezi wa Okutobala, kutentha kwathu kuno ku Ngabu mukukudziwa, tonse tinagona panja pamkeka. Pakati pa usiku ndinadzidzimuka mtima ukuphiriphitha ngati mlamba woponyedwa pamchenga. Ugunde mothamanga, uime, ine n'kumadikira kuti kodi uyambanso? Thukuta lozizira kutentha konse kuja, mpweya wosakwana, miyendo lobodo. Ndinafuna kuitana bambo a kunyumba koma mawu osatuluka, ndinangowakanda pamkono. Mwana wanga wamkazi ankandikupiza ndi chitenje akulira, "Amayi musatisiye."

Kutacha anandikweza kabaza mpaka pa kiliniki ina yolipira. Makina awo anakana kawiri, kenako analemba 138/88. Mkulu wondiyeza uja sanandigwire n'komwe pamkono, maso ali pa foni. Akuti, "Mayi, BP ili bwinobwino, chepetsani maganizo." Panado m'manja, ndalama n'kulandira. Mpaka lero ndikamuona pamsika ndimapsa mtima. Kungoika zala ziwiri pamtsempha zinamukanika chiyani?

Mlamu wanga ndiye anandikakamiza kukwera mapiri kupita ku Queens, chipatala chachikulu cha ku Blantyre. Kumeneko anandimata timawaya pachifuwa, poyeza kagundidwe ka mtima (ECG), n'kupeza vuto la mtima kugunda mosokonekera lotchedwa atrial fibrillation. Adokotala anandifotokozera kuti BP ikakhala yokwera zaka zambiri mtima umagwira ntchito mokakamira, zipinda zake zam'mwamba zimatanuka, ndiye m'malo mopopa zimangonjenjemera. Magazi amadikha mmenemo n'kuundana, kachibuma kakathawira ku ubongo basi sitiroko. Ngozi ya sitiroko imakwera pafupifupi kasanu. Anandiyezanso potassium, mchere wina wa m'magazi wofunika pa kagundidwe ka mtima, poti HCTZ, mankhwala a BP timamwa aja, amamutsitsa, nanji ife otuluka thukuta tsiku lonse. Pano ndimamwa ochepetsa liwiro la mtima ndi ena oletsa magazi kuundana.

Ndiye pitani kuchipatala mawa lomwe, mukamvere zomwe akakuuzeni, osati za ife a m'gulu muno kapena za adyo ndi mandimu zikuyenda pa WhatsApp zija. Tengani buku lanu la kuchipatala, mukanene kuti mukufuna ECG, akakana mupemphe kalata ya ku Blantyre. HCTZ musasiye panokha. Ngati kathumba kalola gulani kamakina ka BP muziyeza kunyumba, komanso muziwerenga nokha kugunda pamkono mphindi yathunthu. Munthu atapuma umagunda pakati pa 60 ndi 100, motsatana bwino. Mchere usapyole kasupuni ka tiyi patsiku, nsomba zouma zamchere zija muziyamba mwaziviika. Madzi imwani.

Mukaona pakamwa papotoka, mkono wafooka kapena lilime likulemera, musadikire kuche, dzutsani aneba usiku womwewo.