Yankho kwa achimwene pa nkhani ya bokosi la atate

Achimwene, mwadzuka bwanji ku Tete ndi kutentha kwanuko? Kuno ku Ulongue chisanu chavuta, ndavala majuzi awiri. Uthenga wanu ndinaumva dzulo usiku koma moto unali utatha m'foni. Mwafunsa kuti poti akuparishi apempha zolemba za atate kuti akasunge, bwanji tingopereka bokosi lonse lisanathe ndi chiswe. Ine ndikuti makope apite, koma makalata ayambe adikira. Mundimvere mpaka ndimalize.

Bokosilo ndinatsegula Lachiwiri. Pamwamba pali makope aja mukuwadziwa, a maulaliki a Lamulungu, nyimbo za maliro ndi za Pasaka zimene ankapeka, ndi mayina a anthu amene anawaphunzitsa katekisimu. Amenewo ndilibe nawo mawu. Analembera mpingo, ndi ampingo kale.

Koma pansi pake pali mtolo womanga ndi kansalu ka chitenje cha amayi. Ndi makalata a azakhali ndi a atate aang'ono. Akale kwambiri pa envulopu palembedwa Vila Coutinho, dzina la Ulongue nthawi ya Apwitikizi, ndiye kuti ndi a 1975 isanafike. Amenewo anachokera ku Halale, muja atate aang'ono ankagwira ntchito m'minda ya fodya. Achimwene, ndinawerenga ndili chikhalire pansi mpaka miyendo inachita dzanzi.

Paja tinkangomva kuti anthu awiriwa sankadyera mbale imodzi, osadziwa chifukwa chake. Nkhani yake ndi maliro a agogo aamuna. Atate aang'ono anali olowa gule, ndipo pamaliropo gule anavina. Atate, poti anali katekista, sanakhalepo. Anakapemphera pamanda okha mawa lake anthu atabalalika. Mng'ono wawo zinamuwawa zaka ndi zaka, ndipo m'makalatamo sakubisa, akuwanena kuti anasankha azungu a ku mishoni ya Lifidzi kusiya bambo wowabala. Chimene chandidabwitsa n'chakuti kalata yomweyo yokalipa, kumapeto kwake akufunsa ngati bulangete limene anatumiza linafika. Ndipo atate sanataye ngakhale imodzi. Munthu amene wamutaya m'mtima sumusungira makalata ake zaka makumi asanu.

Dikirani, nkhuku zalowa m'khitchini.

Eya, ndimati chiyani? Za azakhali. Awo ndiye ambiri, makamaka a nthawi ya nkhondo. Inu munali pamsana, simungakumbuke. Pa 30 Okutobala 1985 ansembe awiri achiJezuiti, bambo João de Deus Kamtedza ndi bambo Sílvio Moreira, anatengedwa usiku ku Chapotera n'kuphedwa. Kuchokera pamenepo kalata iliyonse ya azakhali ndi mawu amodzi okhaokha, akuti wolokani, bwerani kuno ku Dedza, mukufuna kufera chiyani. Zambiri zilibe sitampa. Zinkayenda pamanja, ndi anthu opita kukagulitsa kachewere kumalire. Pali iwiri ya pa mapepala aja a Red Cross, osamata, olembapo za pabanja zokha.

Atate anatitumiza ife ndi amayi, iwo n'kutsala kuti azitsogolera mapemphero poti wansembe kunalibe. Mukawerenga ulaliki wa miyezi imeneyo mumva munthu wolimba ngati mwala, wouza anthu kuti asaope. Tsono tembenuzani kope lomwelo kumapeto. Atate anali ndi chizolowezi choyamba kulemba kalata kumasamba akumbuyo asanaikopere papepala labwino. Kumeneko akuuza mlongo wawo kuti akugona m'chimanga, kuti galu akauwa m'mimba mumawatentha, kuti masiku ena pemphero silituluka pakamwa. Zimenezi sanauze amayi, sanauze mkhristu aliyense. Anauza mlongo wawo yekha. N'chifukwa chake ngakhale makopewo sindingawapereke ndisanaone tsamba ndi tsamba.

Chinanso chinandiseketsa pakati pa misozi. Atate amalemba nhumba, nhama, monga anaphunzirira kusukulu ya Chipwitikizi, azakhali amalemba nyumba, nyama, Chichewa cha ku Malawi. Ndiye pena azakhali akuwaseka kuti aphunzitsi athunthu kulephera kulemba chinenero cha amayi awo. Anthu akufa ndi mantha koma akadali kunyogodolana ngati ana.

Tsono vuto langa nali. Makalatawa analemba si atate, analemba ndi azakhali, ndipo eni ake ali moyo. Maso ndiwo anatha koma mutu uli bwinobwino. Muli nkhani za m'nyumba mwawo, mmene ankakhalira ndi amuna awo, mbuzi zimene anagulitsa kuti ife tidye mpaka mtendere utasainidwa ku Roma pa 4 Okutobala 1992. Analembera mlongo wawo, sanalembere parishi. Ife tingatenge bwanji mawu a munthu wamoyo n'kukaika pashelefu osamufunsa? Ndiponso mayankho a atate, aja anakopera bwino, ayenera kuti ali kwa iwowo. Ife tili ndi mbali imodzi chabe ya kucheza kwawo.

A atate aang'ono ndiye ovutirapo. Eni ake anapita, koma muli nkhani yokhudza ana awo imene sindingainene pagulu pano. Ndidzakuuzani pamaso. Ndipo chonde, inu ana muli pagulu lino, wina asandipemphe kuti ndijambule ndiponye pano. Chinthu chikalowa pa WhatsApp sichibwerera.

Za chiswe musade nkhawa. Bokosi ndalichotsa pansi, ndaliika pa njerwa kutali ndi khoma. Mapini adzimbiri ndachotsa chifukwa amadya pepala. Mlamu wanu amati tikamatitse pulasitiki ngati ziphaso, ndakana. Ikamatidwa siimatukanso, ndipo makalata ena ndi a pensulo, ofooka kale. Jumbonso ayi, imasunga chinyontho, dzinja likafika zonse zichita nkhungu. Chofunika ndi mafayilo apepala, kalata iliyonse payokha pamodzi ndi envulopu yake, poti deti nthawi zina lili pachidindo chokha.

Ndiye inu mukalandira malipiro mugule mafayilowo kumeneko, mukwere shapa mubwere. Tiwolokere limodzi pa Calomue tikawaone azakhali, tiwawerengere makalata awo, anene okha kuti iyi ipite, iyi ikhale, iyi muotche. Akati muotche, ine ndiotcha, ngakhale mtima udzawawa. Akuparishi ndikawauza ndekha Lamulungu kuti adikire mwezi umodzi. Musabwere chimanjamanja, azakhali amakonda nsomba zouma za ku Cahora Bassa, ndipo mubweretse juzi, musadzandilande langa ngati chaka chatha.