Ayi achemwali, vuto si botolo lotchipa

Kalata ya sabata ino yachokera kwa mayi wina amene akufuna kukonzera mng'ono wake brunch, chakudya cha m'mawa chochedwa chija chomwe chimakalumikizana ndi nkhomaliro. Akuti anayeserera okha kukhitchini: anagaya mango ndi chinanazi mu blender, n'kuthirapo vinyo wa thovu. Thovu linasefukira patebulo ponse, ndipo zomwe zinatsala m'galasi zinali zotsekemera mochita kukola kukhosi. Funso lawo n'lakuti, kodi agule shampeni yeniyeni ya ku France kuti zinthu ziyende bwino?

Ayi achemwali, ndalama zanuzo musatayire pamenepo. Koma mundilole ndiyambe ndatulutsa za kukhosi, chifukwa funso lanuli landigunda pachilonda.

Ndili mnyamata ndinagwirapo ntchito yoperekera zakumwa pa hotelo ina yomwe Lamlungu lililonse inkakhala ndi brunch. Bwana wa ku bala anali munthu wokhulupirira kuti mlendo amamwa ndi maso. Kwa iyeyo chachikulu chinali choti botolo lifike patebulo litakulungidwa m'kansalu koyera, dzina likuoneka bwinobwino, chivindikiro chiphulike kuti a patebulo lina atembenuke. Zokhala pansi pa galasi analibe nazo ntchito. Mango ankagayidwa m'mawa womwewo, osasefa, n'kuikidwa m'chidebe pafupi ndi makina a khofi pomwe pankatentha. Ife tinkangotapa ndi supuni n'kuthira pamwamba pake shampeni yoti malipiro anga a sabata yonse sakanagula.

Wonyamula magalasi kubwerera nawo kukhitchini ndinali ine, choncho ndikudziwa zimene ndikunena. Ankabwerera ndi theka. Pansi pali matope achikasu, m'mbali muli mzere wa thovu louma lomatirira tiulusi ta mango, pakati pali kamadzi kotumbululuka kopanda mpweya ndi pang'ono pomwe. Alendo ankayamika ndithu, paja munthu amene walipira zambiri savomera msanga kuti wagwa nayo. Koma magalasiwo ankanena zina.

Kunali mayi ena achikulire otsuka ziwiya, osayankhulayankhula. Akalandira thireyi ankanunkhiza galasi limodzi, n'kupukusa mutu, n'kuloza ndi mlomo dengu la mandimu lomwe linkakhala pakona. Tsiku lina alendo atabalalika anatenga mango otsala, anafinyiramo ndimu, anasefa pakansalu, anawaika pa ayisi kanthawi, kenako anathirapo vinyo wa thovu wotchipa uja amene tinkapatsa anthu obwera pagulu. Anandipatsa ndilawe. Chinali chakumwa chinachina, chopepuka, chothetheka pa lilime, mango akumveka koma osakutsamwitsa. Titakawauza abwana, anatiyankha kuti sitinalembedwe ntchito yoganiza. Papita zaka zambiri, koma ndikakumbukira mtima umanyamukabe.

Ndiye ndikamva wina akuti mankhwala a chakumwa chosakoma ndi botolo lodula, ndimaona nkhope ya bwana uja. Ndinene mosapsatira: kuthira shampeni mu mango n'kuwononga zonse ziwiri. Shampeni imachokera m'chigawo cha Champagne, kumpoto chakum'mawa kwa France, ndipo imawira kachiwiri m'botolo momwemo. Lamulo lawo limati ikhale miyezi yosachepera 15 isanapite pamsika. Chimene mumalipirira ndi kafungo kachifatse kobwera chifukwa chokhalitsa pa yisiti, kokumbutsa buledi wongotuluka mu uvuni. Fungo la mango akupsa ndi lamphamvu, limakwirira zonsezo nthawi imodzi. Mungamve chiyani? Palibe. Mwangolipirira pepala lomatidwa pabotolo kuti lioneke pa chithunzi cha pa Instagram, ndipo kunena zoona, brunch yambiri masiku ano ndi ya zithunzi, osati ya pakamwa. Ine zimenezo zinanditopetsa.

Ngakhale Bellini, chakumwa chotchuka chomwe Giuseppe Cipriani anayambitsa ku Harry's Bar mumzinda wa Venice, sichilira shampeni: ndi mapichesi oyera ogaya ndi Prosecco, vinyo wa ku Italy amene amawira kachiwiri m'mathanki akuluakulu ndipo amakhala ndi kukoma kwa zipatso kale. Wina anditsutsa kuti nanga Buck's Fizz, yomwe inayamba ku London mu 1921, kapena mimosa, zakumwa zosakaniza ndi madzi a lalanje, si shampeni imeneyo? N'zoona, koma taonani chipatso chake. Madzi a lalanje ndi opepuka komanso ali ndi kuwawasa kwawokwawo. Mango akapsa, kuwawasa kumathawa, kumatsala shuga ndi mnofu wolemera. Papaya ndiye kuposa pamenepo. Anthu amatenga njira ya lalanje n'kuiika pa mango, kenako n'kumadzudzula vinyo.

Za thovu lomwe linakusefukirani, nkhani yake ndi iyi. M'botolo la vinyo wotere muli mpweya wosungunuka wothinana kwambiri. Mu shampeni umathinana kuposa wa m'tayala la galimoto kawiri kapena katatu. Mpweyawo umafuna kanthu kogwirapo kuti utuluke, kaya kafumbi, kaya kaulusi. Mango osasefa ali ndi tiulusi tosawerengeka, ndiye mukathira vinyo, mpweya wonse umatulukira pamodzi. Mumaona thovu lambiri kwa mphindi imodzi, pambuyo pake chakumwa chafa. Onjezani kuti blender imapakira mpweya wina m'zipatsozo, chinanazi chimachita thovu pachokha, ndipo madzi ofunda sasunga mpweya ngati ozizira. Zonsezi zikanakuchitikiranibe ngakhale mukanagula botolo lodula kuposa onse m'sitolo. Mwina zikanafika poipa kwambiri, poti shampeni ndi yothinana kuposa Prosecco wambiri.

Ndili pomwepa, tiyeni tiikwirire nkhani ya supuni. Pali anthu amene amalumbira kuti ukalowetsa chogwirira cha supuni pakamwa pa botolo lotsegula, mpweya suthawa. Bodza limenelo. Chimene chimathandiza ndi firiji yomwe aikamo botololo, osati supuni. Mukufuna vinyo afike mawa? Pezani chotsekera chothina chopangidwira mabotolo amenewa. Ndipo chonde musaphulitse chivindikiro ngati bwana wanga uja. Masulani waya chala chili pamwamba, gwirani chivindikiro, pendeketsani botolo n'kumazunguza botololo pang'onopang'ono, osaloza munthu. Chivindikiro chouluka chimavulaza diso.

Mugule vinyo uti?

Yang'anani mawu akuti Brut pabotolo, basi. Prosecco, Cava ya ku Spain kapena Cap Classique ya ku South Africa, zonse zigwira ntchito. Apa pali msampha umene ndikuganiza kuti ndi womwe unakukolani. Botolo lolembedwa Extra Dry limatsekemera kuposa la Brut, ngakhale dzinalo likumveka ngati la vinyo wopandiratu shuga. Brut amakhala ndi shuga wosafika magalamu 12 pa lita, Extra Dry ali pakati pa 12 ndi 17, pomwe Demi-Sec amayambira pa 32 kufika 50. Ndipo Prosecco wambiri m'masitolo ndi Extra Dry. Shuga muli naye kale m'zipatso, simukufunikanso wina wochokera m'botolo.

Kapangidwe kake

Yambani dzulo lake madzulo. Gayani mango amodzi akupsa bwino ndi chinanazi chochepa, ngati gawo limodzi la magawo anayi. Onjezerani zam'kati mwa magalagadeya atatu, koma awa musagaye ndi njere zomwe, ingosakanizani ndi supuni. Finyiranimo ndimu imodzi, mulawe. Zikamveka zowawasa pang'ono kuposa mmene mungafunire kumwa pazokha, ndiye zafika. Sefani pa sefa ya maso aang'ono, kenako pakansalu koyera, ndipo zikakhala zolemerabe thirani madzi pang'ono mpaka zitamayenda ngati juwisi. Zigone mu firiji kuti thovu la blender litsike.

Vinyo azizire maola osachepera atatu, magalasi nawonso aloweko kanthawi. Pothira, ikani mamililita 30 mpaka 40 a zipatso m'galasi, thirani vinyo pang'ono, takasani kamodzi mofatsa, dikirani thovu likhale pansi, kenako pendeketsani galasi n'kuonjezera vinyo wina mpaka vinyo yense m'galasimo akwane mamililita 100. Botolo la mamililita 750 likupatsani magalasi asanu ndi awiri. Ayisi musaike m'galasi, amasukulutsa komanso amathamangitsa mpweya. Musasakanizirenso mu jagi alendo asanafike. Galasi lililonse lipangidwe mwini wake ali pomwepo.

Magalagadeya ndi amene ndimawadalira kwambiri pa zonsezi, moti mutandiuza kuti ndisankhe chipatso chimodzi chokha, mango ndingawasiye. Ali ndi fungo, ali ndi kuwawasa, madzi ake ndi opepuka, safuna kuwanyengerera. Magwafa nawonso amakoma, bola musefe kawiri chifukwa amakhala ndi timchenga tomwe timasautsa pa lilime. Nthochi ndi papaya musayerekeze n'komwe. Mkaka wa kokonati ndimauona pa intaneti anthu akuuthira kuti chakumwa chioneke choyera, koma mafuta ake amapha thovu, ndipo ukakumana ndi ndimu ndi vinyo umatha kudukaduka n'kuyandama pamwamba. Kokonati ali ndi zakumwa zake zina, osati izi.

Chinanso, popeza mukuchereza m'mawa. Vinyo wa thovu amakhala ndi mowa wa maperesenti 11 kapena 12, ndipo zipatso zimaubisa bwino kwambiri. Munthu amene sanaikeko kanthu m'mimba akamwa magalasi awiri motsatizana, umamukwera asanazindikire. Chakudya chiyambe chafika patebulo, botolo litsegulidwe pambuyo. Kwa oyendetsa galimoto, amayi oyembekezera ndi onse osamwa mowa, zipatso zomwezo muzithire madzi a soda ozizira kwambiri m'galasi lofanana ndi la ena onse, ndipo muonjezere ndimu pang'ono poti soda alibe kuwawasa kumene vinyo amabweretsa. Choncho zipatso zogaya mukonze zochulukirapo, chifukwa gulu limeneli ndi lomwe limabwereza kwambiri.