Mpendadzuwa wolekera m'chiuno

Mayi wina wa ku Kasungu wandilembera imelo. Akufuna mpendadzuwa wopitirira denga pakhomo pake, koma chaka chilichonse amachita maluwa akadali m'chiuno. Akuti alakwitsa pati?

Mayi, mwandigunda pachilonda.

Ine ndinakulira kwa agogo chakufupi ndi Kamwendo. Kuseri kwa nkhokwe, pamene kale panali khola la ng'ombe, pankamera mpendadzuwa mmodzi chaka ndi chaka, wosadzala munthu. Thunthu ngati mpini wa khasu, mutu ngati lichero. Ankatalika moti agogo ankachita kukwera pamtondo kuti amuveke chitenje chakutha, kuopa mpheta. Ife ana tinkati wavala duku.

Nditamanga yanga nyumba pa boma pano, ndinati ndimubwezeretse. Mbewu ndinakatapa kwa alamu anga, amene amalima wogulitsa kwa oyenga mafuta. Ndinafesa m'timachubu ngati mbande za mitengo, kuthirira m'mawa ndi madzulo, kenako n'kuwokera mwaulemu wonse. Anafika m'chiuno, maluwa mbee, basi nkhani yathera pomwepo. Chaka chachiwiri mbuzi za aneba zinandithandiza kukolola mu Januwale. Nditapita kukadandaula, mwini mbuzi anaseka: "Kodi achimwene, maluwawo mudya?"

Funso limenelo limandiwawa mpaka lero. Choyamba, inde timadya; mafuta amene akazi awo amakazingira mandasi akuganiza kuti amachokera kuti? Koma ngakhale akanakhala wosadyedwa, kodi chilichonse chomera pakhomo chiyenera kuthera mumphika? Tazolowera kusesa bwalo mpaka kuyera ngati mbale, mtengo umodzi wa mango pakona, ndiye wina akadzala chokongoletsa timati wasowa chochita. Ine ndakana.

Ndinachedwa kuzindikira kuti mbewu ya alamu ija inachita ntchito yake ndendende. Mitundu ya mafuta anaipanga dala kuti ikhale yaifupi, yofanana msinkhu, isamagwe ndi mphepo. Kuinyengerera ndi feteleza n'kutaya ndalama. Komanso mpendadzuwa ali ndi muzu umodzi waukulu wolowa pansi kupitirira mita. M'chubu umapindika, ndipo ukapindika msinkhu wapita. Onjezani kutentha kwathu kuno, kumene kumamufulumizitsa kuchita maluwa, ndipo akangomasula duwa kutalika kwatha.

Musamadziyerekeze ndi zithunzi za pa Facebook. Hans-Peter Schiffer wa ku Germany anafikitsa wake mamita 9.17 mu 2014, koma anachita kumumangira nsanja, ndipo kwawoko nthawi yotentha dzuwa limakhala kunja maola 16. Ife mu Disembala timapeza pafupifupi 13. Mamita atatu kuno ndi wopatsa kale ulemu.

Kanthu kena kamene ndinaphunzira mochititsa manyazi: mpendadzuwa amapenda dzuwa akadali wamng'ono. Akakhwima amangoyang'ana kum'mawa. Wanga woyamba ndinadzala kum'mawa kwa nyumba, ndiye anandifulatira, n'kumasangalatsa aneba a mbuzi aja.

Nanga muchite chiyani?

Pezani mbewu ya mtundu wautali, monga Mammoth Russian, kapena pemphani njere kwa amene wake mwamuona ndi maso anu atatalika. Kumbani dzenje lofika m'bondo, makamaka inu a ku Kasungu a dothi lamchenga, musakanize ndi manyowa a khola owola bwino. Osawola amaitana chiswe. Dzalani pomwepo njere zitatu, mudzapatulire kutsale mmodzi, mapando atalikirane phazi limodzi lalikulu. Alimi a mafuta amadikira Januwale kuti mitu ikhwime mvula itatha, koma inu mukufuna msinkhu, dzalani ndi mvula yoyamba yokhazikika. Nsungwi yochirikiza muizike tsiku lodzala, osati muzu utayala. Ndipo mpanda, Mayi. Mpendadzuwa wanga wa chaka chino wafika pa malata, ndipo mbuzi zimangomuyang'anira pa mpata wa udzu.